Mapiri Awiri M'kope la Bambo

4 Febuluwale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, tonse tikudzuka.

Katundu uja wafika. Adalaiva anabwera naye Loweruka, ali m'sokosi ziwiri monga munawapatsira. Zikomo kwambiri, koma abale, imeneyi ndi kalikuleta kapena njerwa? Mabatani ndawerenga, alipo makumi asanu. Bambo anaitenga, anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti poyankhulira ndi pati. Kabuku kake simunaikemo, ndiye panopa ndikungophatikizira ndi kuchotsera ngati wogulitsa tomato.

Za Bambo zili chonchi. Chigwere pa makina osokera mu Disembala muja sanagwenso, ndipo mapiritsi akumwa. Makina oyezera BP amene munatumiza aja akugwira ntchito m'mawa uliwonse. Olemba m'kope ndi Amayi, poti Bambo akalemba amawerenga ndi iwo okha. Adokotala anati tipite ndi kopelo pa 9 Epulo. Akapeza kuti avereji yapitirira 140, awawonjezera mankhwala ena amphamvu. Apa ndi pamene pali nkhawa yanga, chifukwa mapiritsi amene akumwa panowa akuwachititsa kale chizungulire. Akaimirira msanga amayamba agwira khoma. Akawonjezera ena, kodi adzathanso kukhala pa makina? Bambo mukuwadziwa, kuwachotsa mu shopu muja ndiye kuwaika m'manda amoyo.

Kukoleji aphunzitsi a sitatisitikisi atipatsa ntchito yoti aliyense asonkhanitse nambala zenizeni zosachepera makumi asanu, apeze avereji, ajambule galafu. Anzanga akuwerenga magalimoto pamsewu, ena akufunsa anthu saizi ya nsapato. Ine ndati ndivutikirenji, nambala zili m'nyumba momwemo. Ndigwiritsa ntchito kope la Bambo, tidziwiretu zimene adokotala akaone.

Ndiye mundilembere mmene ndingalowetsere nambalazi mu njerwa yanuyi. Musaimbe foni. Yanga sinadzukebe chigwere mu ndowa, ndipo ya Bambo mukudziwa, amaika pa sipika mpaka makasitomala amayankhira nawo. Mukamatumiza yankho muikemonso mabatire anayi.

Ine mlongo wanu,
Mzime

13 Febuluwale

Mzime,

Moni kwa onse kunyumba. Kuno tili bwino, alamu ako akupereka moni.

Njerwa ukuinyozayo ndi imene inandipezetsa ntchito ku fakitale kuno, ndiye uzilankhula nayo mwaulemu. Ola lililonse ndimatenga mabotolo a mafuta ophikira makumi awiri pa lamba, ndimawaika pa sikelo, n'kuona ngati makina akudzaza bwino. Zonsezo ndinaphunzirira pa mabatani omwewo.

Tamvera tsono. Dina batani lolembedwa STAT, kenako ENTER. Uona mizere yoimirira, woyamba walembedwa L1 pamwamba. Mmenemo lowetsa nambala ya tsiku lililonse, imodzi imodzi, ukudina ENTER. Makina a BP amaonetsa nambala zitatu, iwe utenge yapamwamba yokha. Ukamaliza dinanso STAT, pita kumanja pa CALC, sankha choyambacho. Ikuonetsa x wokhala ndi kandodo pamutu, imeneyo ndiye avereji. Kachilembo ka n kakuuza kuti walowetsa nambala zingati, ndipo zikapanda kufanana ndi masiku a m'kope udziwe kuti wadumpha penapake. Ukatsika pansi upeza palembedwa Med. Imeneyo ndi nambala imene imakhala pakati ukazindandalika zonse kuyambira yaing'ono.

Galafu ndi yosavuta. Dina 2nd ndi Y=, yatsa Plot1, sankha kachithunzi ka timizati. Pa WINDOW ulembe kuti iyambire 100 ithere 200, msinkhu 80. Kenako GRAPH. Zimene uone ujambule papepala unditumizire.

Amayi uwakumbutse zimene ndinanena mu Disembala. Kope limenelo lisadumphe tsiku ngakhale limodzi. Makina aja sindinagulire kukongoletsa pa shelefu, ndipo ndikadzapeza mpata m'kopemo sitidzamvana. Uwauze momwemo, usachepetse.

Mabatire ali mu envulopu momwemu.

Mlongo wako

24 Febuluwale

Achimwene,

Moni. Tonse tili bwino, kaya inu kumeneko.

Ndalowetsa, ndipo zala zanditupa. Kawiri konse ndinadina CLEAR pamalo olakwika, zonse n'kufufutika, ndinatsala pang'ono kuiponya pawindo. Ulendo wachitatu Amayi anandiwerengera ine ndikudina, kenako anati maso awawa, ndinamaliza ndekha.

Kope lilibe mpata ngakhale umodzi, mtima wanu ukhale pansi. Masiku ndi 70 ndipo n yanena 70. Koma nkhani si yabwino. Avereji yatuluka 144. Med ija yatuluka 131, kaya imeneyo ili ndi ntchito yanji. Ndinabwereza katatu kuti mwina isintha maganizo, koma njerwa yanu ilibe chisoni, 144 yomweyo.

Galafu ndiye musandiseke. Ndatsatira zonse monga munalembera, koma pa sikirini pangotuluka chikhoma chimodzi chachikulu, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Ndajambula kuseri kwa pepalali. Mnzanga wina ataona anati ndajambula chitseko cha galaja.

Bambo ndawauza za 144. Anangoti, "Oho," n'kupitiriza kudula nsalu. Koma dzulo ndinawapeza atagwira tebulo lodulira ndi manja awiri, maso atatsinzina, akudikira kuti chizungulire chidutse. Ndili ndi mantha, Achimwene. Munthu BP ikhale yokwera, komanso akhale wofooka ngati mankhwala amuchulukira, zimatheka bwanji?

Mzime

3 Malichi

Bambo,

Ndikupereka moni. Ndikhulupirira ntchito ya mayunifomu ikuyenda.

Mundikhululukire, ndilankhula mosapsatira. Mzime wandilembera kuti avereji yanu ndi 144. Munthu amene akumwa mankhwala tsiku lililonse ndi kusala mchere sangafike pamenepo. Nambala sizinama, Bambo. Masiku ambiri muli bwino, koma pali masiku ena amene BP ikukwera kwambiri mpaka kukoka avereji yonse. Masiku amenewo mukudumpha mapiritsi kapena mukudya zimene anakuletsani. Ine ndikuvutika kuno, kuimirira tsiku lonse, kuti inu mukhale ndi moyo. Mukafuna kudzipha muuze ife tileke kutaya nthawi.

Ine mwana wanu

Mzime, kapepala aka ndi kako. Chikhoma chija ndalakwitsa ndine. Pa WINDOW pali mzere wolembedwa Xscl, umene umanena kukula kwa kamzati kalikonse, ndipo ndinausiya pa 100. Nambala zonse zalowa mu mzati umodzi. Lembapo 10 ujambulenso. Med ikuti 131 pamene avereji ikuti 144, kutanthauza kuti pali nambala zochepa zazikulu zimene zikukoka zinzake. Uzipeze, uone madeti ake. Tiwagwira.

11 Malichi

Mwana wanga wachisamba,

Kalata yako ndailandira ndipo ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditavala magalasi kuti mwina poyamba ndinaona molakwa.

Ine ndasoka zovala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Sindinadulepo nsalu ya munthu ndisanamuyeze. Iwe wadula ndiponso wasoka, munthu usanamuone n'komwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapiritsi ndimamwa sikisi koloko m'mawa, ndi madzi, pamaso pa amayi ako. Pa ulendo ndimawanyamula m'thumba la malaya. Mchere ndinausiya mu Disembala, moti chakudya chonse chikungomveka ngati ndikutafuna thonje. Ukafuna mboni funsa amayi ako, ngakhale masiku ano sakuyankhula zambiri. Kalata yako itawerengedwa anapita kukachapa zovala zochapa kale.

Ukuti nambala sizinama. Mwina. Koma ine ndinaonapo tepi yoyezera yotanuka, imene inanamiza telala wabwino chaka chathunthu.

Makina ako ngati ukuwafuna, adalaiva akubweretsera. Sindinakupemphe. Za kuimirira tsiku lonse, ndikudziwa, ndipo ndimathokoza. Koma usadzandilemberenso mawu akuti kudzipha.

Alamu a Mzime uwapatse moni.

Bambo ako

14 Malichi

Achimwene,

Moni, ngakhale simukuyenera moni. Mwayatsa moto m'nyumba muno inu muli kutali. Bambo sakuyankhula, akungopalasa makina ngati akuthamangitsa wakuba. Ine ndi amene ndikupsa.

Xscl ndaika pa 10. Chitseko cha galaja chachoka, koma zimene zabwerazo sindikuzimvetsa. Pa sikirini pali mapiri awiri. Lalikulu lili kumanzere, kuyambira cha m'ma 118 mpaka 137, ndipo muli masiku 50. Kenako pali chigwa, mulibe kanthu ngakhale kamzati kamodzi. Ndiye kumanja kuli kaphiri kena, kuyambira 172 mpaka 196, masiku 20. Pa 144 pamene pali avereji yathu ija palibe tsiku ndi limodzi lomwe! Ndiye avereji imeneyi ndi ya ndani?

Poyamba ndinati njerwa yafa, paja ndi yakale. Ndinabwereka ya mnzanga, zinatuluka zomwezo. Mnzangayo akuti ndingofufuta nambala zazikuluzo galafu ioneke bwino, aphunzitsi sangadziwe. Kunena zoona chala chinafika pa DEL. Koma masiku makumi awiri ndi ambiri, sangakhale kuphonya kwa cholembera.

Madeti ndawaona monga munanenera. Achimwene, onse ndi Lachiwiri ndi Lachisanu. Palibe ngakhale limodzi la tsiku lina. Amenewa ndi masiku amene Bambo amapita mu tauni kukagula nsalu ndi kukasiya mayunifomu. Ndiye nkhani si mchere wanu uja ayi, ndi ulendo. Kudzuka m'mamawa, kunyamula zikwama, kukanganirana basi. Munthu amayamba kuda nkhawa asananyamuke n'komwe.

Ndinawaonetsa Amayi galafuyo kukhitchini. Ndinati, "Taonani, kaphiri aka ndi kamene kangatiphere Bambo. Nambala ngati izi munthu amangogwa, mbali imodzi n'kufa ziwalo." Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti, "Ngakhale munthuyo akuyenda bwinobwino?" Ndinati ee, ndi mmene anatiuzira anamwino. Anangoti, "Chabwino," n'kutuluka, madzi akuwira pamoto.

Maganizo anga ndi akuti Bambo asiye maulendowa, ndizipita ndine Loweruka. Ndinayesa kuwauza, anandifunsa ngati ndikudziwa kusiyanitsa nsalu yosuluka ndi yosasuluka. Inu ndiye muwalembere, koma mwaulemu ulendo uno. Yankhani msanga, masiku akutha.

Mzime

27 Malichi

Achimwene,

Moni. Kodi kumeneko mapepala atha?

Sabata ziwiri tsopano kuli zii. Lamlungu munaimba, Bambo anaika pa sipika, inu n'kungofunsa kuti, "Kalata yafika?" Kalata yake iti? Adalaiva sitinawaone. Akazi awo akuti galimoto inawonongekera pa malire, akudikira chitsulo.

Ngati mwakwiya chifukwa ndinati simukuyenera moni, pepani, koma ino si nthawi yonyanyala. Kwatsala masiku khumi ndi atatu. Ndalowetsa nambala za mwezi uno, mapiri akadali awiri, avereji yafika 145. Adokotala sakhala ndi nthawi yoyang'ana tsamba lililonse, pamzere pamakhala anthu ambirimbiri. Akangomva 145 alemba mankhwala, basi. Lolemba Bambo anakhala pansi pakhomo la shopu chifukwa cha chizungulire, n'kunamizira kuti akufuna singano yagwa.

Amayinso sindikuwamvetsa. Akhala aukali, akudandaula mutu, ndipo kope sakufunanso kuti ndiligwire. Akuti ndalidetsa ndi zala. Nyumba ino aliyense akuyenda ngati pansi pali mazira.

Mzime

19 Malichi

Mzime,

Moni. Kalata yako ya pa 14 ndailandira lero, ndipo ndikuyankha nditaimirira, pa nthawi yopuma. Usafufute nambala ngakhale imodzi.

Chithunzi wajambulachi ndinachionapo. Chaka chatha mabotolo athu anayamba kubwezedwa, ena osadzaza, ena osefukira. Avereji inali yabwino zedi, bwana n'kumati ogula ndi amene ali ndi vuto. Nditajambula galafu panatuluka mapiri awiri, pakati chigwa, ngati akowa. Mkulu wina amene wakhalitsa pa ntchitoyi anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Mwana iwe, awa si makina amodzi." Tinakapeza kuti lamba wathu amalandira mabotolo ochokera ku makina awiri, ndipo ife timawayeza ngati a amodzi.

Munthu mmodzi BP yake imakwera ndi kutsika, inde, koma imadutsa pakati. Ukanaona ma 150, ma 160. Sungadumphe kuchoka 130 kufika 180 kawiri pa sabata, miyezi itatu, osapondapo pakati ngakhale tsiku limodzi. Ndikuganiza kuti m'kope limenelo muli mikono iwiri.

Tandiyankha mafunso awa. Lachiwiri ndi Lachisanu Bambo amanyamuka nthawi yanji? Kuyeza kumachitika nthawi yanji? Iwe unaonapo ndi maso ako lamba wa makinawo ali pamkono wa Bambo pa masiku amenewo? Ngati sunaonepo, amatsala pakhomo ndani?

Pa foni sindinganene izi, shopu yonse ingamve, ndipo mwina ndikulakwitsanso ngati mmene ndinalakwitsira kwa Bambo. Usafunse munthu. Tsiku la ulendo ukhale pakhomo uone wekha. Ndipo ngati zili mmene ndikuopera, usadikire pa 9 Epulo. Mupite tsiku lomwelo.



Mlongo wako

4 Epulo

Achimwene,

Kalata yanu ya pa 19 Malichi yafika dzulo, ili ndi mafuta a galimoto pakona. Ndaiwerengera panjira. Ndinakhala pa mwala n'kuiwerenganso kachiwiri.

Ine ndimachoka pakhomo hafu faifi tsiku lililonse kuti ndipeze basi ya kukoleji, ndiye kuyeza sindinkakuona, kupatula Loweruka ndi Lamlungu. Lero Lachisanu ndinatuluka monga mwa masiku onse, n'kukaima kuseri kwa shopu. Bambo anatuluka patangopita mphindi khumi, zikwama ziwiri paphewa, tiyi osamwa. Ndinadikira mpaka sikisi. Kenako ndinalowera khomo la kukhitchini.

Amayi anali pa tebulo lodulira nsalu, kope lili potsegula, lamba ali pamkono wawo. Makina anali akulira kale. Atandiona sanadzidzimuke n'komwe, anangoti, "Usandiyankhulitse, amati poyeza munthu azikhala chete." Tinadikira tonse awiri. Inatuluka 194. Anatenga cholembera kuti alembe pansi pa dzina la Bambo, ine n'kugwira dzanja.

Ndinati, "Amayi, mkono umenewu ndi wa ndani?" Iwo akuti, "Ine ndi abambo ako tinakhala thupi limodzi kalekale, kafunse abusa." Achimwene, ndinaseka, kenako ndinalira, kenako ndinakalipa, zonse m'mphindi imodzi. Ndinawauza kuti avale nsapato. Anati pali mabatani a malaya khumi ndi awiri oti asokerere. Ndinati malayawo adzavala ndi anthu obwera pa maliro awo. Sindinayambe ndawayankhulapo choncho, koma anavala.

Kuchipatala anamwino atayeza sanatibwezenso pamzere, anatilowetsa kwa adokotala nthawi yomweyo. Ndinatulutsa kope ndi njerwa yanu. Ndinali nditagawa kale nambalazo pa benchi podikira, za Lachiwiri ndi Lachisanu ndinaziika mu L2, zotsalazo mu L1. Avereji ya Bambo ndi 128. Ya Amayi ndi 184. Adokotala anatenga kalikuletayo, anayang'ana mapiri aja, n'kuitana mnzawo wa chipinda china kuti adzaone. Anati tikanabwera ndi 145 ija akanawonjezera mankhwala kwa munthu wosafunika, wofunikayo n'kubwerera kunyumba atanyamula chikwama cha mwamuna wake.

Amayi awapatsa mankhwala, anawagoneka maola anayi mpaka inatsikako, ndipo tabwera nawo kunyumba. Tibwererenso Lachitatu pamodzi ndi Bambo. Bambo afika madzulo ano, ndawauza zonse pakhomo asanatule zikwama. Analowa kuchipinda kumene Amayi agona n'kutseka chitseko, ndipo mpaka pano sanatuluke.

Ndikupuma bwino koyamba chiyambire Febuluwale.

Mzime

6 Epulo

Mwana wanga,

Ndine amayi ako. Ndalemba ndekha, Mzime ndamukaniza chifukwa amawonjezera zake. Uli bwanji? Ukudya? Mpongozi wanga ali bwanji?

Ine ndili bwino, usatekeseke. Ndikufuna umve kwa ine mmene zinayendera.

Sabata yoyamba ija, Lachiwiri, abambo ako anathamangira basi osayeza. Ndinayang'ana kope, ndinakumbukira mawu ako akuti lisadumphe tsiku. Ndinati mwana wavutika kugula makina, akadzaona mpata adzakhumudwa, adzakangana ndi abambo ake. Kupeka nambala ndinaona kuti ndi bodza. Ndiye ndinati bola ndiyeze mkono umene ulipo. Timadya zimodzi, timagona nyumba imodzi, ndinkaganiza kuti sizingasiyane kwenikweni.

Itatuluka 180 ndinati makinawa sanandizolowere. Lachisanu inatulukanso chomwecho. Pofika Januwale ndinadziwa kuti si makina. Mutu unkandiwawa kunkhongo kuno, m'makutu mukulira. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine ndinachita mantha, mwana wanga. Odwala awiri nyumba imodzi, wosamalira mnzake akhala ndani? Ndinkati abambo ako ayambe achira, zanga tiziona pambuyo. Ndipo ndinkayezabe chifukwa ndinkafuna kuona ngati yatsika. Polemba pena ndinalibe.

Chimene chikundiwawa ndi kalata imene unawalembera abambo ako. Inawerengedwa ine ndili pomwepo. Ndinkadziwa kuti munthuyu sanalakwe, mchere anasiya, mapiritsi amamwa, koma ndinakhala chete n'kumusiya anyozedwe ndi mwana wake chifukwa cha ine. Ndawapepesa. Iwenso uwapepese, koma mlandu waukulu ndi wanga.

Usadziimbe mlandu chifukwa cha mawu aja a kudumpha tsiku. Ukanapanda kuuma mutu, mkono wanga sukanalowa mu lamba ameneyu mpaka lero.

Ukamabwera udzandibweretsere magalasi owerengera, awa akundichepera mphamvu.

Amayi ako

29 Epulo

Mwana wanga wachisamba,

Moni. Kalata yako yopepesa ndinailandira. Inali yaitali kwambiri, masamba atatu, pamene mawu ofunika anali mu mzere woyamba. Nkhani imeneyo yatha, tisaibwerezenso.

Pa 9 tinapita kuchipatala tonse atatu. Ine sanandiwonjezere mankhwala. Anandichepetsera ndi amene ndinkamwa aja, ndipo chizungulire chinatha pasanathe sabata. Tsopano ndikuimirira ngati munthu, osayamba ndapempha chilolezo kwa khoma.

Mlongo wako anapereka ntchito yake kukoleji. Aphunzitsi akuti anamuimiritsa kutsogolo kuti afotokozere kalasi yonse za mapiri ake, ndipo kuyambira tsiku limenelo sitikupuma. Wayeza kale makolala a mayunifomu onse, akuti saizi imene ndimasoka yambiri si imene ana ambiri amavala. Choipa n'chakuti akunena zoona.

Tsono ndikuuze chimene sindinauze munthu. Mkazi ameneyu ndakhala naye zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndikhoza kumusokera diresi osagwira tepi, miyezo yake yonse ili m'mutu mwanga. Amakhala moyang'anana nane mu shopu tsiku lonse, iye pa mabatani ine pa makina. Miyezi inayi ankatsinzina ndi mutu, ankagwira kunkhongo, ine osaona kanthu, maso ali pa matenda anga. Anaona ndi iwe uli kutali, ndi mwana uja pa kagalasi kochepa ngati bokosi la machesi. Zimenezi zandichititsa manyazi, ndipo ndathokoza Mulungu kuti manyaziwa ndawamva mwini wake ali moyo, akundikalipira.

Makope tsopano ndi awiri. La amayi ako ndikulemba ndine, ndipo ndikulemba zooneka, wina asadandaule. Sikisi koloko timakhala pa tebulo lodulira, iye amandiyeza, ine n'kumuyeza. Sabata yoyamba BP yake inali m'ma 170. Sabata yatha inatsika kufika m'ma 150. Adokotala akuti tikuyenda bwino, tisathamange.

Lero ndi Lachiwiri. Zikwama zili pakhomo chimangire, ndipo amayi ako akhala akundithamangitsa kuti nsalu zabwino zitha, anzanga asankha kale. Ndawauza kuti akhale chete, poyeza sayankhula. Yatuluka 146. Ndayezanso kachiwiri kuti nditsimikize, yatuluka 145, ndipo ndalemba zonse ziwiri.

Basi yoyamba yapita, ndaimva ikudutsa. Ndikwera ya eyiti.

Bambo ako